CAKA CA 2002 M'MBIRI YA NYIMBO ZA JAZI: ULEMU UMENE MZUZU UNALANDIRA

Pali zaka zina zimene anthu amazikumbukira ndi cinthu cimodzi cokha. Caka ca 1949 akuruakuru amacichula caka ca njala, ndipo ca 1964 amati caka ca ufulu. Naco caka ca 2002 anthu ambiri a m'Malawi amacikumbukira ndi njala, pakuti m'mwezi wa Febuluwale Boma linalengeza kuti dziko lagwa m'tsoka la kusowa cakudya, ndipo m'midzi yambiri cimanga cinadyedwa cisanakhwime. Koma m'caka comweco munacitikanso cinthu cina cimene sicinamveke kwambiri cifukwa ca phokoso la mabvuto aja. Woimba wina amene anakhala zaka zambiri za moyo wace mu mzinda wa Mzuzu, Bambo Wambali Mkandawire, anaturutsa cimbale ca nyimbo cochedwa Zani Muwone, nakaimba pa msonkhano waukuru wa oimba jazi ku Cape Town, ndipo dzina lao linalembedwa pakati pa oimba opambana a kumwera kwa Africa.

Nkhani imeneyi iyenera kufotokozedwa bwino, makamaka kwa aphunzitsi ndi anchito a Boma, cifukwa ndiwo amene ali ndi udindo wosankha zimene ana aziphunzira ndi zimene dziko lizisunga. Funso limene caka cija cinasiya nlakuti: kodi ng'oma za kumudzi ndi cinenero ca kumudzi zingathe kuima pa bwalo limodzi ndi nyimbo za maiko akuru popanda manyazi? Ndipo ngati zingathe, nanga ncifukwa ninji woimbayo anayenera kupita kunja kuti akamveke?

JAZI NCIANI?

Jazi ndi mtundu wa nyimbo umene unabadwira pakati pa anthu akuda a ku America, makamaka mu mzinda wa New Orleans, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900. Anthu amenewa anali zidzukulu za akapolo otengedwa ku Africa. M'mzinda umenewo munakumana nyimbo za m'minda ya thonje, nyimbo za m'chalichi, nyimbo zodandaula zochedwa blues, ndi malipenga a magulu oguba ngati asilikali. Mbale yoyamba ya galamafoni ya nyimbo zimenezi inaturuka m'caka ca 1917, ndipo posacedwa maina a Louis Armstrong ndi Duke Ellington anamveka pa dziko lonse.

Cimene cimasiyanitsa jazi ndi nyimbo zina ndi kaimbidwe kace. Oimba amayamba apangana nyimbo ya maziko, imene onse aidziwa, naiimba pamodzi kamodzi kapena kawiri. Atatero, mmodzi amaturuka pa gulu ndi lipenga lace kapena gitala wace, napeka zace pomwepo, zosalembedwa pa pepala, pamene anzace akusunga mayendedwe a nyimbo kuti isasokere. Iye akatha, wina amalowa. Potsiriza onse amabwerera ku nyimbo ya maziko ija. Cotero nyimbo imodzi siimbidwa mofanana masiku awiri, ndipo luso la woimba limaoneka pa kutha kwace kucoka pa njira ndi kubwererapo osakhumudwa.

Munthu amene anakulira pa mudzi wa m'Malawi sangadabwe nazo zimenezi. Pa gule ali yense pamakhala wotsogolera nyimbo ndi obvomereza; pamakhala ng'oma zazing'ono zimene zimagunda cimodzimodzi kuyambira poyamba kufikira potsiriza, ndi ng'oma yaikuru imene imatsata mapazi a wobvina, nilankhula zace. Akatswiri ofufuza za nyimbo, monga Dr. Gerhard Kubik wa ku Vienna amene wagwira nchito nthawi yaitali ku Chileka, aonetsa m'mabuku ao kuti zambiri za m'kaimbidwe ka blues ndi jazi zinacokera ku Africa. Tsono pamene jazi inafika kuno, inali ngati mwana wa mcimwene amene anabadwira kutali, wobvala zacilendo koma nkhope yace ya pa mtundu.

NJIRA ZIMENE JAZI INADZERA

Jazi inalowa m'dziko la Nyasaland pa njira zitatu. Njira yoyamba inali ya anthu opita kunja kukafuna nchito. Amuna a m'maboma a Rumphi, Mzimba, Nkhata Bay ndi Karonga anali kupita ku Halale, ku Joni, ku migodi ya mkuwa ya Northern Rhodesia ndi ku Congo. Ena anakhala machona, koma ena anabwerako ndi njinga, suti, galamafoni ndi mbale zace. M'mbale zimenezo munali nyimbo za m'makomboni a ku Johannesburg ndi Bulawayo. Imodzi ya izo, Skokiaan, yopekedwa ndi August Musarurwa wa ku Southern Rhodesia, inachuka kotero kuti Louis Armstrong mwini wace anaijambula m'caka ca 1954.

Njira yaciwiri inali wailesi. Nyumba ya mphepo ya ku Lusaka inali kuulutsa mau m'zinenero za anthu akuda a maiko atatu, ndipo kuyambira 1949 kunabwera kawailesi kotsika mtengo kooneka ngati sefuliya, kamene aphunzitsi ndi akalaliki ambiri anatha kugula. Pa wailesi imeneyo mau a Alick Nkhata anafika m'nyumba zambiri. Dziko litalandira ufulu mu 1964, nchito imeneyi inatengedwa ndi Malawi Broadcasting Corporation.

Njira yacitatu inali ya ku Congo. Kumeneko Joseph Kabasele anayambitsa gulu la African Jazz mu 1953, ndipo mu 1956 kunabadwa gulu la O.K. Jazz la Franco. Nyimbo zao zinali rumba, koma dzina lakuti jazi analikonda cifukwa linali kutanthauza gulu lamakono la zoimbira zambiri. M'mwezi wa Okutobala 1960 Louis Armstrong anafika ku Léopoldville, ndipo anthu anamnyamula pa mpando ngati mfumu ngakhale dzikolo linali pakati pa cipwirikiti.

Kuno kwathu dzina lakuti jazi linalandiridwa mwa njira yaceyace. Anyamata a m'midzi anasema mabanjo ndi magitala ao, napanga babatoni wa cingwe cimodzi, nadzicha jazz band. Daniel ndi Donald Kachamba a m'mudzi wa Singano ku Chileka anali kuimba kwela, mtundu wa nyimbo za citoliro umene Spokes Mashiyane anauchukitsa ku Joni. Mu 1967 anyamatawa anakumana ndi Dr. Kubik ku Blantyre, ndipo m'zaka za m'ma 1970 nyimbo zao zinayamba kumveka ku Ulaya. Ku Thyolo kunali Alan Namoko, woimba wosaona, ndi gulu lace la Chimvu Jazz Band. M'matauni munali a Morson Phuka ndi gulu la Jazz Giants. Daniel Kachamba anamwalira mu 1987, Alan Namoko mu 1995, ndipo Donald Kachamba mu Januwale 2001. Cotero caka ca 2002 cinafika pamene mbadwo woyamba uja unali utangotha kumene, ndipo anthu ena anali kuyesa kuti nyimbo zotere zapita nao kumanda.

MWANA WA KU MLOWE

Bambo Wambali Mkandawire anabadwa m'caka ca 1952 ku Congo. Makolo ao anali a ku Mlowe, mudzi wa m'mphepete mwa nyanja m'boma la Rumphi. Cotero mwa munthu mmodziyu munakumana njira ziwiri za zitatu zija: anali mwana wa anthu a paulendo, ndipo makutu ao anazolowera nyimbo za ku Congo pamodzi ndi nyimbo za makolo a Citumbuka.

Ali mnyamata analowa gulu la Pentagon ku Blantyre, limene linali kuimba nyimbo za Azungu zimene acinyamata a nthawi imeneyo anali kuzikonda. Mu 1977 moyo wao unatembenuka, nadzipereka ku nchito ya Cikristu. Pambuyo pace anaimba m'gulu la New Song la bungwe la Youth for Christ, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anayenda ndi gulu la Friends First la ku South Africa, limene munali anthu akuda ndi oyera pa nthawi imene malamulo a dzikolo anali kuletsa mitundu kusakanizana. Anapitanso ku Britain kukaphunzira za nyimbo ndi cipembedzo. Dzina limene anadziwika nalo pambuyo pace, lakuti Mtebeti, ndi mau a Citumbuka otanthauza mtumiki.

Moyo wao sunali wa nyimbo zokha. Pamene a Chakufwa Chihana anamangidwa mu Epulo 1992 atabwera kudzalankhula za ndale za zipani zambiri, a Mkandawire anali mmodzi wa anthu amene anapempha poyera kuti amasulidwe. Masiku amenewo kulankhula kotero kunali kuika moyo pa ciswe, ndipo woimba wotero sakanayembekeza kuti nyimbo zace zimveke kawirikawiri pa wailesi imodzi yokha imene dziko linali nayo. Zimenezi zithandiza kumvetsa cifukwa cace munthu amene anayamba kuimba m'zaka za m'ma 1970 anadzafika pa cimake ca mbiri yace ali ndi zaka 50. Kuona maso a nkhono nkudekha.

CUMA CA CIGAWO CA KUMPOTO

Mzuzu ndi mzinda wamng'ono pa zaka. Unamera kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 pozungulira minda ya mitengo ya tung, ndipo unalandira ulemu wochedwa mzinda mu 1985. Koma ngakhale uli wamng'ono cotero, unamangidwa pamphambano. Atumbuka a ku Rumphi, Angoni a ku Mzimba, Atonga a ku Nkhata Bay ndi Ankhonde a ku Karonga onse amakumana pa msika wace, yense ndi nyimbo za kwao. Woimba wokhala pamenepo ali ngati mlimi amene munda wace uli pa mathiriro a mitsinje inai.

Cuma coyamba ndi vimbuza, gule wa Atumbuka wocizira odwala mizimu. Amuna amaomba ng'oma, akazi ndi ana amaimba naomba m'manja, ndipo wodwalayo amabvina kufikira mtima wace utapepuka. M'gule ameneyu ng'oma ndi manja sizigunda pamodzi; zina zimawerenga katatu pamene zina zikuwerenga kawiri, ndipo pa kulukana kwa ziwirizo mpamene pamaturuka mphamvu ya gule. Oimba jazi a maiko onse amalimbana ndi cinthu comweci zaka zambiri kuti acidziwe. Kale amishoni ndi Boma la Atsamunda anali kunyoza vimbuza, koma mu 2005 bungwe la UNESCO linaika guleyu, pamodzi ndi gule wamkuru wa Acewa, pa mndandanda wa cuma ca anthu a dziko lonse.

Cuma caciwiri ndi malipenga, gule wa m'mphepete mwa nyanja amene anayamba potsanzira perete wa asilikali. Anyamata obvala zoyera amafola m'mizere, naimbira m'zipanda zouma zimene zimalira ngati malipenga enieni. Apa mpofunika kuona kuti ku New Orleans nako jazi inaphuka kucokera ku magulu oguba. Anthu awiri otalikirana, osadziwana, anatenga cinthu cimodzi ca asilikali a Cizungu, nacisandutsa cao.

Cuma cacitatu ndi nyimbo za m'chalichi. Mishoni ya Livingstonia, imene Dr. Robert Laws anaikhazika pa phiri la Khondowe mu 1894, inasiyana ndi mishoni zina pa cinthu cimodzi. Ku Loudon, kumene tsopano kuchedwa Embangweni, mbusa Donald Fraser analimbikitsa Akristu kupeka nyimbo zao pa maimbidwe a makolo. Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anapeka nyimbo zimene zikuimbidwabe m'buku la Sumu za Ukhristu. Cotero pamene a Mkandawire anaimba za Mulungu pa ng'oma za kwao, sanayambe cinthu cacilendo. Anatsata mkwaso umene agogo ao anaulambula zaka zambiri zapitazo. Cacilendo cinali cakuti pa zonsezi anaonjezapo piyano, gitala wa magetsi ndi malipenga a jazi.

ZIMENE ZINACITIKA M'CAKA CA 2002

Cimbale ca Zani Muwone cinakonzedwa ku South Africa, ndipo amene anatsogolera nchito yojambula anali J.B. Arthur wa kampani ya Instinct Africaine. Dzina la cimbaleco ndi mau a Citumbuka otanthauza kuti bwerani mudzaone. Amene anacimva anazindikira msanga kuti woimbayo sanali kutsanzira munthu wa ku America kapena wa ku Joni. Maziko a nyimbo anali a kumudzi, mau anali a kumudzi, ndipo zoimbira zamakono zinali kutumikira maziko amenewo, osati kuwaphimba. Apa ndi pamene panagona kusiyana kwace ndi nyimbo zambiri za masiku amenewo, zimene zinali kujambulidwa mofulumira ndi makina amodzi oimba ng'oma ndi zonse, kuti kaseti ifike msanga pa msika.

M'caka comweco a Mkandawire anaitanidwa ku North Sea Jazz Festival ya ku Cape Town. Msonkhano umenewu unali mphukira ya msonkhano wa dzina lomwelo umene unayamba ku The Hague m'dziko la Netherlands mu 1976. Wa ku Cape Town unayamba mu 2000, ndipo kuyambira 2005 unasintha dzina nukhala Cape Town International Jazz Festival. Pa bwalo limenelo pamaima akatswiri a ku America, ku Ulaya ndi ku Africa, ndipo omvera ace ndi anthu ozindikira, amene sakondwera ndi phokoso cabe. Kuitanidwa kumeneko kunali umboni wakuti nyimbo za ku Mlowe ndi ku Mzuzu zayesedwa pa muyeso wa akatswiri, ndipo zakwanira.

Caka cisanathe, dzina lao linalowa pa mndandanda wa opikisana pa mphotho za Kora, m'gawo la oimba a kumwera kwa Africa. Mphotho zimenezi zinali zochuka pa Africa yense masiku amenewo, ndipo oimba a m'Malawi sanali kuonekako kawirikawiri.

Kunja nako caka cimeneci cinali ca kusintha kwa mibadwo. M'mwezi wa Januwale kunamwalira woimba wamkazi Peggy Lee. Mu Julayi kunamwalira Ray Brown, katswiri wa besi, amene anaimba zaka zambiri ndi Oscar Peterson. Pa 31 Ogasiti kunamwalira Lionel Hampton ali ndi zaka 94, mmodzi wa otsiriza a mbadwo umene unaimba ndi Louis Armstrong ndi Benny Goodman. Koma mu Febuluwale mtsikana wina, Norah Jones, anaturutsa cimbale cace coyamba ku kampani yakale ya jazi ya Blue Note, ndipo cinagulidwa ndi anthu mamiliyoni ambiri amene kale sanali kusamala za jazi. Cotero ku America monga ku Malawi, nkhalamba zinali kutsazika pamene mau atsopano anali kumveka.

NKHANI YA CINENERO

Pali cinthu cina m'nkhani imeneyi cimene aphunzitsi ayenera kucilingalira mofatsa. Mu 1968 Cicewa cinasankhidwa kukhala cinenero ca dziko pamodzi ndi Cingerezi, ndipo Citumbuka cinaleka kumveka pa wailesi kufikira 1994. Kwa zaka 26 mwana wa ku Rumphi kapena ku Mzimba sanamve nkhani m'cinenero ca amai ace pa wailesi ya dziko lace. Oimba ambiri a Kumpoto anaona kuti njira ya malonda ndiyo kuimba m'Cicewa kapena m'Cingerezi basi.

A Mkandawire anaimba m'Cicewa ndithu, ndipo maina a zimbale zao zina, monga Kavuluvulu ndi Tidzamtamanda, acitira umboni. Koma sanataye Citumbuka, ndipo cimbale cimene cinawachukitsa kunja cinali ndi dzina la Citumbuka. Anthu a ku Cape Town sanali kumva mau ace, komabe anaimirira kumvetsera. Anthu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, amene ambiri a iwo sadziwa Citumbuka, anazilandira nyimbozo ngati zao. Pamenepa pali phunziro lakuti umodzi wa dziko suonongeka pamene mtundu uli wonse ubweretsa cace pa bwalo. Nkhokwe imadzala ndi cimanga ca m'mizere yambiri.

ZIPATSO ZA CAKA CIJA

Zotsatira za 2002 zinaoneka m'zaka zapambuyo. Mu 2004 msonkhano wa nyimbo wa Lake of Stars unayamba ku Chintheche m'boma la Nkhata Bay, nuyamba kukopa alendo a kunja kudzamva oimba a kuno. Mu Mzuzu momwemo munaphuka gulu la anyamata la Body, Mind and Soul, lotsogozedwa ndi Davie Luhanga, limene linasakaniza ng'oma za makolo ndi jazi, nilicha nyimbo zace voodjaz. Gululi linapambana mpikisano wa Music Crossroads wa maiko a kuno kumwera mu 2007, ndipo linakaimba ku Ulaya. Ku South Africa mnyamata wa ku Malawi, Erik Paliani, anadziwika ngati katswiri wa gitala, nafika potsogolera nchito yojambula cimbale ca Hugh Masekela cochedwa Phola. Sikuti onsewa anaphunzitsidwa ndi a Mkandawire ai, koma anapeza khomo liri lotsegula, ndipo anthu a kunja anali atadziwa kale kuti ku Malawi kuli nyimbo zoyenera kuzichera khutu.

Bungwe la United Nations loyang'anira za umwini wa nzeru ndi luso, lochedwa WIPO, linapatsa a Mkandawire mphotho ya luso. Anapitiriza kuturutsa zimbale zina, monga Moto ndi Liberty, ngakhale nthawi yao yambiri inali kupita ku nchito ya Mulungu. Anamwalira ku Lilongwe pa 31 Januwale 2021 ndi nthenda ya Covid-19, m'mwezi umene mliriwo unatenga anthu ambiri odziwika m'dziko muno.

MBALI YINA YA NKHANI

Nkhani yokoma imeneyi iri ndi mbali yace yowawa, ndipo kuibisa sikungathandize. Cimbale cimene cinapatsa Malawi ulemu cinajambulidwa kunja, ndi makina a kunja ndi ndalama za kunja. Zimenezi sizinayambe ndi a Mkandawire. Nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 zisungidwa ku International Library of African Music, pa Rhodes University ku South Africa. Zambiri za abale a Kachamba zinasungika cifukwa ca khama la Dr. Kubik ndi anzace a ku Chileka, monga Dr. Moya Malamusi. Alendo amenewa ayenera kuthokozedwa, pakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma mwini mudzi amene amayembekeza mlendo kuti adzammete masiku onse adzakhala ndi tsitsi lalitali.

Bvuto lina ndi la kuba nyimbo. M'zaka za makaseti, woimba anali kutaya ndalama zace pojambula, ndipo sabata isanathe makaseti okopera anali atadzala pa msika, iye osalandira kanthu. Boma linakhazikitsa lamulo la umwini wa zopekapeka mu 1989, ndipo bungwe la COSOMA linayamba nchito mu 1992 kuti lizitolera ndalama za oimba ndi alembi. Lamulolo linakonzedwanso mu 2016. Koma lamulo pa lokha siligwira mbala. Masiku ano nyimbo zimakopedwa pa makompyuta a m'misika ndi kutumizidwa pa mafoni, ndipo ambiri ocita zimenezi sadziwa nkomwe kuti akudya thukuta la mnzao. Jazi imabvutika koposa, cifukwa imafuna oimba ambiri, zoimbira za mtengo wapatali ndi miyezi yambiri yokonzekera, pamene ogula ace ndi owerengeka.

NCHITO YA APHUNZITSI NDI ANCHITO A BOMA

M'sukulu za pulaimale muli phunziro la Expressive Arts, m'mene nyimbo ndi magule ziri mbali imodzi. Aphunzitsi ambiri amadandaula kuti alibe zoimbira, ndipo dandaulo lao nloona. Koma mbiri ya jazi ya m'Malawi ionetsa kuti kusowa piyano si kusowa nyimbo. Alan Namoko anayamba ndi banjo, abale a Kachamba ndi citoliro ndi gitala, ndipo ng'oma ndi manja ziri pa mudzi uli wonse. Mphunzitsi angathe kugawa kalasi pawiri, ena aombe m'manja katatu pamene ena akuomba kawiri, ndipo ana adzamva ndi makutu ao cinsinsi cimene ciri m'vimbuza ndi m'jazi momwe. Angathenso kuitana nkhalamba yodziwa ng'oma kuti idzaphunzitse tsiku limodzi pa teremu, ndi kulemba dzina lace ndi nyimbo zace m'buku la sukulu. Akuruakuru ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalo limauma likapanda kusamalidwa.

Mphunzitsi wa mbiri ya dziko ali nayo mbali yace. Pophunzitsa za anthu opita ku migodi, za mishoni ya Livingstonia, kapena za kusintha kwa ndale kwa 1992 kufikira 1994, moyo wa woimba mmodzi uyu ukhudza mitu yonseyo, ndipo ana amagwira msanga phunziro limene liri ndi nkhope ya munthu.

Kwa anchito a Boma, zofunika nzoonekeratu. A m'makhonsolo amene amapereka zilolezo za malo a zisangalalo ndi za malonda angathandize kuti malamulo a umwini wa nyimbo atsatidwe. Okonza misonkhano ya Boma angakumbukire kuti woimba woitanidwa ndi wanchito, woyenera malipiro ace pa nthawi yace, monga mmisiri amene anamanga nsanja. Ndipo mzinda wa Mzuzu, umene uli ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale ndiponso sukulu ya ukacenjede imene inalandira ophunzira ace oyamba mu 1999, uli ndi malo oyenera kusungiramo zimbale, zithunzi ndi mbiri ya oimba a m'cigawo cimeneci, kuti wophunzira wofuna kudziwa za Mtebeti asacite kulembera kalata ku Johannesburg.

Mutu umodzi susenza denga. M'caka ca 2002 munthu mmodzi anaonetsa kuti ng'oma za ku Rumphi zingathe kuima pakati pa akatswiri a dziko lonse, ndipo funso loyamba lija linayankhidwa pa bwalo la ku Cape Town. Funso laciwiri, la cifukwa cimene oimba a m'Malawi amayenera kuyamba alemekezedwa kunja, likali kuyembekeza yankho, ndipo oliyankha ndi aphunzitsi m'makalasi mwao ndi anchito a Boma m'maofesi mwao.